Ofesi Imene Amayi Ako Ankaithawa

Chimwankhunda,
Lamulungu masana.

Tiyamike mwana wanga,

Ndabwerako kutchalitchi ndakupeza kulibe, ati wapita ku Limbe kukasaka sutikesi. Ndiye ndati m'malo mongokhala pakhonde n'kumayang'ana zovala zako zili pachingwezi, bola ndilembe. Pakamwa ine ndimathamanga, umandidziwa, ndimayamba ndi malangizo n'kumalizira kukalipa. Dzanja langa papepala ndi lochedwa, mwina mawu atuluka bwino. Usaiwerengere kuno. Udzaitsegule mawa basi ikadutsa pa Zalewa.

Tsiku lija unabwera ndi foni m'manja n'kunena kuti, "Amayi, anditenga ku ofesi ya msonkho, kugawo lothandiza a mabizinesi ang'onoang'ono," ine ndinangoti, "Chabwino," n'kupitiriza kutakasa mtedza pachiwaya. Ndinaona nkhope yako itagwa. Unaganiza kuti sindinakondwe. Ndinakondwa, mwana wanga, ndipo mawa lake ndinauza msika wonse. Koma panthawiyo ndinachita mantha. Ofesi imeneyo ine ndaithawa pafupifupi moyo wanga wonse, ndiye kumva kuti mwana wobala ndekha azikakhala kuseri kwa kauntala yake kunandisokoneza. Zina mwa nkhanizi unazimva zidutswazidutswa uli wamng'ono. Lero ndikuyalira zonse, chifukwa anthu amene uzikakumana nawo kumeneko ambiri ndi onga ine.

Uli wakhanda, ine ndi mng'ono wanga Esinati, amayi ako aang'ono a ku Chigumula aja, tinayamba kupanga chiponde. Masiku amenewo Esinati anali asanakwatiwe, ankakhala nafe konkuno. Mtedza tinkapikula mumsika wa Limbe, kuusankha pamphasa, kukazinga, kupeta, kenako kuchigayo. Mabotolo anali otha mayonezi, tinkawaphika m'madzi otentha n'kuwayanika padzuwa. Esinati anali ndi dzanja la mchere, ine ndinali ndi pakamwa pogulitsira. Ndinkakubereka kumsana, chikwama cha mabotolo m'manja, kulowa ofesi ndi ofesi m'tauni, mpaka alonda a m'mageti ankangonditchula kuti mayi a chiponde. Malonda ankayenda. Koma ndikangoona galimoto ya boma kapena ya khonsolo, ndinkakhotera m'kanjira ngakhale ndisanalakwe kanthu. Mantha amenewo sindinawatole pamsewu. Ndili mtsikana ndinaona beseni la mandasi la amayi athu likuponyedwa m'lole, iwo akuthamangira pambuyo nsalu ikumasuka. Kuyambira pamenepo boma kwa ine linali dzanja lolanda basi. A msonkho, a layisensi, oyeza zakudya, onse ndinkawaphika mumphika umodzi. Ndiye iwe Tiyamike, munthu akadzaima pamaso pako akunjenjemera, kapena akuyankha mwamwano popanda chifukwa, usafulumire kunena kuti akubisa kanthu. Mantha akewo anayamba iwe usanabadwe.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kunabwera mayi wina pakhomo pano. Anali wonenepa pang'ono, atafunda ambulera, khadi la kuntchito likulendewera pakhosi. Ndinamuonera patali akufunsa aneba, khadilo likung'anima. Ndinasiya mtedza pamoto n'kuthamangira kubafa yakuseri ija, n'kuuza Esinati kuti, "Unene kuti ndapita kumaliro ku Thyolo." Ndinali kumva zonse kudzera m'mabowo a malata. Mayiyo anati, "Ine ndine Mayi Chikopa, ndachokera ku ofesi ya msonkho. Sindinabwere kudzatenga kanthu. Loweruka kuli msonkhano m'tauni wa anthu a malonda ang'onoang'ono, ndi waulere. Tikafotokoza kalembetsedwe ka bizinesi, amene ayenera kulipira ndi amene sanafike polipira, komanso kumene mungapite kuti chakudya chanu chiyezedwe." Esinati anamupatsa mpando ndi madzi. Mayiyo atamwa, ananunkhiza n'kunena kuti, "Mtedza wanu ukupserera." Anadzuka yekha n'kuphula chiwaya. Pochoka anakweza mawu moyang'ana kubafa kuja, amvekere, "Mukawapepese a kumaliro aja. Muwauze kuti akabwerako, chitseko changa n'chotsegula."

Ndinatuluka thukuta lili kamukamu, m'malo mochita manyazi ndinapsa mtima. Ndinati wandinyoza pakhomo panga. Mwana wanga, uzikathawidwa choncho iwenso. Anthu azikakunamiza maliro, azikakutsekera zitseko ukuona. Usakakwiye, ndipo usakawachititse manyazi kuposa mmene adzichititsira okha. Ukasiye mawu abwino n'kumapita, koma ukabwerenso. Mayi uja anabweranso mvula itayamba, ndinathawanso. Sikuti kubwera kwake kunapita pachabe ayi, mawu ake ndinawasunga ngakhale ndinkawakana.

Esinati anapita kumsonkhano kuja yekha. Anabwerako maso akuwala, akuti, "Achemwali, si mmene timaganizira. Afotokoza m'Chinyanja. Kunali a salauni, okhoma zidebe, osoka, ndipo munthu amafunsa n'kuyankhidwa. Akuti tikalembetsa tingathe kuperekera m'masitolo ngakhale m'masukulu." Ine ndinaseka. Ndinati, "Iwe, nkhuku akafuna kuizinga amayamba n'kuiwazira chimanga. Dzina lako likangolowa m'makina mwawo, basi, azidzadya nawe mpaka kumanda." Anagonja poti ndine wamkulu. Kukula kumeneku kunatipweteka tonse. Ndinkaganiza kuti kubadwa poyamba ndiye kudziwa zonse, osadziwa kuti wapita kukamva yekha ndi uyu. Safunsa anadya phula, ine ndiye ndinadya la chisa chonse.

Patapita nthawi, mwayi unatipeza wokha. Ku Limbe kunali golosale yaikulu ya bambo wina wachimwenye, wachikulire ndithu, woyankhula Chinyanja kuposa ife. Wantchito wake ankagula kwa ine, ndiye tsiku lina bamboyo analawa ndi supuni ya tiyi n'kundiitanitsa. Anati, "Mayi, chiponde ichi mulibe mafuta othira, ndi mtedza weniweni. Ndikufuna chikhale pashelefu yanga. Koma ine sindiika chinthu chopanda mapepala. Mubweretse satifiketi ya bizinesi, nambala ya msonkho, ndi chidindo cha oyeza zakudya. Botolo likhale ndi lebulo yonena tsiku limene chidzawonongeke." Ndinatuluka m'menemo ngati ndikuuluka. Esinati anati tikaone Mayi Chikopa atiuze poyambira. Ine ndinakana. Ndikayang'anizana naye bwanji munthu amene ndinamunamiza maliro? Ndinati, "Siya, ndiyenda ndekha."

Ndinapitadi m'tauni, ku ofesi ina yolembetsa, nditavala chitenje changa chabwino. Ndinaima pamzere mpaka kufika pagalasi. Kuseri kwake kunali mtsikana wa msinkhu wako lero. Sanadzutse mutu. Anayankhula Chingerezi chothamanga, n'kukankha pepala pansi pa galasi, n'kuitana wotsatira. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ukudziwa. Ndinayang'ana pepalalo, mabokosi okhaokha. Kumbuyo kwanga kunali azibambo a mataye, ndinaopa kufunsa kuti angaseke. Ndinalipinda n'kutuluka. Sindikuti mtsikanayo anali woipa, mwina anali atatopa, mwina sanadye. Koma pakhomo pomwepo panja panali bambo wina wa jekete, fayilo m'khwapa, amene ananditsatira n'kunena kuti, "Masteni, mwadzuka bwanji? Ndaona akuzunguzani mutu m'katimo. Tiyeni pamthunzi apa mundiuze vuto." Anandigulira madzi ozizira. Anamvetsera nkhani yonse ya chiponde, mpaka kufunsa dzina la mwana wanga. Anati amawadziwa mabwana onse a m'maofesi atatu aja, mapepala onse atuluka pamodzi ine ndili kunyumba. Ndinadziwa kuti ndi dobadoba, anthu oimirira m'makomo a maofesi aja. Koma ndi yekhayo amene anandipatsa moni tsiku limenelo. Ndinamupatsa ndalama yopikulira mtedza ndi mayina athu awiri, langa ndi la Esinati.

Apa ndiye ndikufuna umvetsetse, Tiyamike. Dobadoba uja sanapose mtsikana wa pagalasi nzeru kapena sukulu. Anamuposa moni. Ukakhala pakauntala, dzutsa mutu. Upereke moni m'chiyankhulo chimene munthuyo wabwera nacho, ndipo kumpoto kumene akukutumizako ukaphunzire moni wa kumeneko usanaphunzire njira ya kumsika. Chingerezi usungire mabwana ako. Ukaona mayi wapinda pepala akulowera kuchitseko osafunsa kanthu, umuitane, chifukwa ukamusiya, panja pali womudikira. Ndikubwereza: dzutsa mutu.

Mapepala anabwera, okongola, a zidindo zofiira. Esinati anafunsa kuti, "Achemwali, nanga oyeza aja sanabwere kudzaona pophikira pathu, chidindochi chatuluka bwanji?" Ndinamuyankha kuti asiye mafunso a ana. Tinasindikizitsa malebulo, tinagula mabotolo atsopano, ndipo chiponde chathu chinakwera pashelefu ku Limbe. Ndinkadutsa dala pagolosale paja kungoti ndichione. Bambo ako ankabwera ndi anzawo a kugalaja kudzawalozera. Iwe unali utangoyamba nasale, unkati, "Botolo la amama!" Masiku amenewo ndinkayenda phewa lili m'mwamba.

Sizinakhalitse. M'mawa wina mwana wa bambo wa golosale uja anandiimbira kuti ndifike msanga. Ndinapeza mabotolo athu ali m'makatoni pansi, oyeza zakudya awiri ataima pambali. Anali atayendera sitolo monga amachitira, n'kupeza kuti nambala ya pachidindo chathu ndi ya kampani ina ya sopo. Bambo wachikulire uja sanakalipe. Anangoti, "Mayi, ndinakukhulupirirani. Mwandiika pamoto ine ndi sitolo yanga." Antchito onse anali akuyang'ana, ngakhale uja amene anandipezera mwayiwo. Bola akanandimenya mbama. Ndinathamangira pakhomo pa ofesi paja kukasaka wa jekete, anzake anangoti sakumudziwa.

Choipitsitsa chinali chakuti dzina la Esinati linali papepalapo. Anali atangokwatiwa kumene, ali ndi pakati, mwamuna wake mphunzitsi wolemekezeka kumpingo. Tinaitanidwa tonse kukafunsidwa ku ofesi ya oyeza zakudya. Ine ndinangodikira tsikulo osachitapo kanthu. Esinati ndiye anapita kwa Mayi Chikopa akulira, ndipo mayiyo, ngakhale nkhani ya chidindo sinali ya ofesi yake, anayenda wapansi kudzatipeza. Analoza Esinati n'kuuza otifunsawo kuti, "Uyu ndikumudziwa, anabwera kumsonkhano wathu, anafunsa mafunso ambiri kuposa onse. Anthuwa apusitsidwa." Otifunsawo anatichenjeza n'kutimasula, koma chiponde chonse chinakatayidwa. Potuluka Mayi Chikopa anandigwira pamkono n'kunena kuti, "Amayi, zachitika zachitika. Bwerani Lolemba tiyambe bwinobwino. Ndikulemberani kumene muyambire ndi kumene mumalizire." Ndinatembenuka n'kumapita. Sindinathokoze n'komwe. Manyazi anandisandutsa chilombo.

Madzulo ake Esinati anabwera kuno. Anakhala pampando womwe uja anakhalira Mayi Chikopa, n'kuti, "Achemwali, tiyeni tipite limodzi Lolemba. Chiponde chathu n'chabwino, vuto ndi mapepala okha." Ine ndinati, "Pita wekha. Si wandigulitsa kale kwa mnzako wabomayo? Wakaulula kuti ndine ndinapeza dobadoba kuti iwe uyere." Sizinali zoona, ndipo ndinkadziwa ndikuyankhula pomwepo kuti si zoona. Anadzuka movutikira ndi mimba ija, anatenga sefa yake imene inali pakhoma, n'kumapita. Mwana wanga, ukalakwa, pepesa tsiku lomwelo mawu akadali ofewa. Ukagona nawo amauma, ndipo chaka chikatha sutha n'kuwatafuna komwe. Kuntchito ukalakwitsa za munthu, umuitane umuuze kuti, "Ndalakwitsa ndine, tiyeni tikonze." Sudzafa nazo.

Zotsala ukuzidziwa. Esinati anapita Lolemba lija. Anayenda maofesi onse mmodzimmodzi, anamanga kachipinda kophikira kwawo ku Chigumula, oyeza anabwera, anamubweza kuti akonze zenera ndi pansi, anakonza, anabweranso. Sizinali zophweka, ndinkamva kwa anthu kuti nthawi zina ankalira. Koma lero mabotolo ake ali m'masitolo a ku Limbe ndi m'tauni, ndipo walemba ntchito azimayi a m'dera lake. Ine ndakalamba ndi chikwama chomwe chija m'manja, kupempha alonda kuti andilowetse. Ndikalowa m'golosale kukagula sopo ndimazungulira kwina kuti ndisadutse pashelefu ya chiponde. Sindidandaula chuma chake. Ndimadandaula kuti unakula osasewera ndi ana a amayi ako aang'ono, kuti pamaliro a bambo ako iye anakhala pakhonde ine m'nyumba, tinangopatsana dzanja ngati anthu okumana m'minibasi. Unkandifunsa uli wamng'ono kuti bwanji sitipita ku Chigumula, ine n'kumati thiransipoti yakwera. Sinali thiransipoti.

Uli chaka chomaliza kukoleji, sukulu ina ya mkaka pafupi ndi kuno inafuna kuti ndiziperekera chiponde cha phala la ana, ndipo anafunsa mapepala. Ulendo uno ndinapita ndekha ku ofesi ya msonkho osauza munthu, ngakhale iwe. Sindikunamiza kuti zinali zokoma. Mzere unali wautali, anati netiweki yavuta, ndinabwerera n'kupitanso tsiku lina. Koma mnyamata wa pa desiki ya a malonda ang'onoang'ono anandikhazika pampando, anandifunsa kuti ndimagulitsa bwanji, n'kundifotokozera pang'onopang'ono zimene zikundikhudza ndi zimene sizikundikhudza. Zambiri zimene ndinkaziopa sizinali za munthu wa chikwama ngati ine n'komwe. Ndinatuluka dzuwa lisanafike pamutu. Ndinakhala pakhonde la sitolo ina pafupi. Zaka zonse zija ndinkathawa chinthu chotha m'mawa umodzi. Ndinabwereranso m'kati kukafunsa za Mayi Chikopa. Mnyamatayo sanamudziwe. Bambo wina wa imvi ndiye anati, "Amenewo anapuma kalekale, anabwerera kwawo, ndipo tinamva kuti anatisiya." Ndinali nditakonza mawu m'mutu oti ndikamuuze. Ndinabwerera nawo kunyumba.

Ndiye usadikire kuthokozedwa, Tiyamike. Ena amene udzawathandize adzakutembenukira msana ngati mmene ndinachitira ine, ndipo adzazindikira iwe utachoka. Uzikangochita. Komanso usakaiwale kuti msonkho umawawa. Ngakhale ufotokoze mokoma bwanji, munthu akuchotsa pa ndalama imene akanagulira ana ndiwo. Usakamuuze kuti ndi zochepa. Umuuze zoona, zimene ayenera ndi zimene sayenera, ndipo ngati lamulo lili ndi pomupumitsa, umuuze iye asanafunse, chifukwa sadziwa kuti afunse chiyani. Adzabwera ena ndi kaenvelopu, ena ndi nkhuku, ena n'kumati ndi ya fanta chabe. Usalandire, mwana wanga. Amene akupatsayo si kuti amakukonda, akukuopa, kapena akufuna ugwere naye limodzi. Ukalandira kamodzi wasanduka wa jekete uja, kungoti iwe uli m'kati. Zikakuthina pakati pa mwezi, undiimbire ine. Mtedza ulipo, sitinagonepo ndi njala.

Zina ndi zomwe ndimakuuza masiku onse. Ku Lilongwe kumene ukayambire maphunziro a ntchitoyi usankhe anzako mosamala. Ukafika kumene akakuikeko upeze tchalitchi sabata yoyamba. Juzi yobiriwira ija usaisiye, kumpoto kumazizira kuposa kuno. Mankhwala a mphumu akhale m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi. Ndipo uziimba foni, osangoti mameseji, maso anga sakuonanso tizilembo tating'ono.

Pali chimodzi chimene sindinakuuze. Dzulo uli kosongoletsa tsitsi, ndinapempha nambala kwa mayi wina wa kumpingo n'kuimbira Esinati. Foni inaitana mpaka ndinafuna kudula. Atayankha ndinati, "Ndine mchemwali wako." Ndinkamva chigayo chikulira kumbuyo kwake. Ndinati, "Tiyamike akunyamuka Lolemba. Wapeza ntchito ku ofesi ya msonkho, kothandiza a malonda ang'onoang'ono." Ndinamva akupuma mwamphamvu, kaya kuseka kaya kulira sindikudziwa. Ndinafuna kupitiriza ndi mawu opepesa, koma ndinachedwa. Iye ndiye anafunsa kuti, "Basi yake inyamuka nthawi yanji?" Ndinamuuza. Anati, "Chabwino, achemwali," n'kudula.

Sindikudziwa ngati abwere kudepoti ya Wenela mawa. Pamene ukuwerenga kalatayi iwe ukudziwa kale, ine pano sindikudziwa. Ngati anabwera, ndipo unationa titaima pambali pa basi ngati alendo, osayankhulana, usadandaule ndipo usatiimbire kuti utiyanjanitse. Imeneyo si ntchito yako. Basi ikachoka tidzatsala awiri padepoti, ndipo minibasi zopita kwathu ndi kwawo zimaima kosiyana. Ndatsimikiza mtima kuti ndikwera ya ku Chigumula.

Uyende bwino, mwana wanga. Mulungu akutsogolere, ndipo aliyense wofika pakauntala yako umuyang'ane kumaso.

Ndine amayi ako,
Nachisale